Dzinja lathu silizizira

Madzulo ena a mwezi wa Juni, mwana wa mchemwali wanga adandipeza pakhonde ali ndi kope m'manja. Ali Sitandade 5, ndipo aphunzitsi adali atawapatsa ntchito yokachitira kunyumba: kuloweza nyengo zinayi za pachaka. Tsambalo lidali logawidwa pakati, kumanzere Chingerezi, kumanja Chichewa. "Summer" adamupatsa chilimwe, "winter" dzinja, "autumn" masika. Pa "spring" padali polemba n'kufufuta, n'kulembanso, mpaka pepala kutsala pang'ono kubooka.

"Amalume, tandifunsani ndione ngati ndaloweza," adatero. Ndisanafunse n'komwe, adayamba yekha kulakatula: "Dzinja ndi nyengo yozizira kwambiri. Mitengo imayoyola masamba ndipo anthu amavala majuzi."

Amayi anga, omwe adali pamphasa chapafupi akuswa mtedza, adaimitsa manja. "Iwe mwanawe, dzinja lake la kwa yani limenelo? Ine ndakalamba ndikupalira chimanga m'dzinja, thukuta lili kamukamu. Juziyo ndikadaivala nthawi yanji?" Madzulo amenewo tonse atatu tidali m'majuzi, mvula itasiya kalekale, chimanga chili m'nkhokwe.

Mwanayo sadalakwe, adaloweza zomwe adapatsidwa. Aphunzitsi akenso sindingawade, poti nawonso adaphunzira chomwecho, monganso ine. Koma agogo ake ndiwo adanena zoona, ndipo lero ndikufuna kuwaikira kumbuyo. Chizolowezi chomangirira chilimwe ku "summer" ndi dzinja ku "winter" chimaimika chaka chathu chadodolido, ndipo tiyenera kuchisiya m'kalasi, pawailesi ndi m'zomasulira.

Ife chaka timachiwerenga ndi madzi. Funso lalikulu la mlimi, la msodzi, ngakhale la woumba njerwa ndi limodzi: mvula ilipo kapena kulibe? Pafupifupi mvula yonse ya m'Malawi, magawo 95 mwa 100, imagwa pakati pa Novembala ndi Epulo. Nthawi imeneyo ndiyo dzinja. Ndi nthawi ya matope ndi ngumbi, ya kudzala, kupalira ndi kubandira, ya bowa wa utale m'mbali mwa msewu, ya bonongwe ndi chisoso zongomera zokha kuseri kwa nyumba. Kunja kumakhala kobiriwira koma m'nkhokwe mumakhala mopepuka, ndipo Febuluwale akafika ambiri amakhala pa ganyu, kudikira kuti dowe akhwime. Usiku kumafunda, udzudzu uli lirelire m'makutu. Palibe munthu adaothapo moto chifukwa cha dzinja, pokhapokha atavumbwa.

Mvula ikakata timalowa m'masika, pamene ngakhale mwana wa mlendo amachoka pakhomo ndi nzimbe m'manja ndi mtedza wauwisi m'thumba. Kenaka chimafika chisanu cha Juni ndi Julayi. Ambiri chisanuchi amachiwerengera m'kati mwa chilimwe, chifukwa kwa iwo chilimwe ndi nthawi yonse yomwe kulibe mvula, kuyambira pokolola mpaka mitambo itabwerera. Ena amati chilimwe chimayamba mu Ogasiti, mphepo itayamba kuulutsa fumbi. Sindikuona vuto pa kusiyana kumeneku. Onsewo akugwirizana pa chinthu chimodzi, kuti chomwe chimapanga chilimwe ndi kuuma. Kutentha kumabwera pambuyo, ngati mlendo wofika phwando lili m'kati.

Anzathu a ku Ulaya sawerenga chomwecho, ndipo ali ndi chifukwa chomveka. Ku London mvula imagwa mwezi uliwonse, choncho singawathandize kugawa chaka. Chomwe chimasintha kwambiri kwawoko ndi dzuwa. Mu Juni kumakhala kowala maola oposa 16, pomwe mu Disembala usana sukwana maola 8, ndipo anthu amapita kuntchito kuli mdima n'kubwerakonso kuli mdima. Ku Lilongwe tsiku lalitali ndi lalifupi kusiyana kwake sikufika maola awiri. Mawu awo anayi aja adabadwira m'dziko la kuwala ndi mdima, kufunda ndi chipale chofewa. Athu adabadwira m'dziko la chinyezi ndi fumbi. Kuwalumikiza awiriawiri kuli ngati kuyeza ufa ndi chingwe.

Nanga bwanji kulumikizaku kudakhazikika mpaka kumamveka ngati kwachibadwa? Ine ndimaloza kalendala. Khirisimasi ya ku Ulaya imagwa m'nyengo yawo yozizira, yathu imagwa m'dzinja. Julayi wawo ndi wotentha, Julayi wathu ali m'chilimwe. Munthu woika makalendala awiri pafupi, osasuzumira pazenera, anganene kuti zafanana. Miyezi yakumanadi, koma zochitika m'miyeziyo n'zotsutsana, chifukwa ife tili kumwera kwa ikweta ndipo iwo ali kumpoto. Buku lililonse la jogalafe lidzakuuzani kuti "summer" ya mbali yathu ino ya dziko ndi Disembala, Januwale ndi Febuluwale. Miyezi imeneyi ndi mtima weniweni wa dzinja. Ndiye kuti kope la mwana uja lidaika dzinja pa mawu omwe ali kutsidya lenileni.

Onani zomwe adachita anansi athu a ku Zimbabwe. M'Chishona nyengo ya mvula ndi zhizha, mawu omwe khutu la Mchewa silingalephere kuwamva ubale wake ndi dzinja. Iwo zhizha adaliika pa "summer", chirimo pa "spring", ndipo "winter" adampatsa chando, chisanu basi. Mawu apachibale, mayiko oyandikana, mvula yogwa miyezi yofanana, koma ife tidamangirira uku iwo uko. Ngakhale masika, omwe kwa ife ndi nthawi yokolola, kwa olankhula Chiswahili a m'mbali mwa nyanja ya mchere ndi mvula yaikulu ya Malichi mpaka Meyi. Mawu a nyengo amatsata nthaka yomwe akhalapo.

Wina anena kuti izi ndi zokambirana za anthu okhuta, zoti mlimi wa ku Mchinji sizimukhudza. Zimamukhudza, ndipo Chingerezi chathu chomwe cha kuno ndicho mboni. Ulimi wa m'madimba ndi wamthirira, womwe timachita mvula itasiya, alangizi ndi mabungwe amautcha "winter cropping". Mlimi amautcha ulimi wa m'chilimwe. Tsono tengani mawu a alangiziwo muwadutsitse mu kope lija. Atuluka "ulimi wa m'dzinja", womwe kwa aliyense wogwira khasu ndi ulimi wodalira mvula, wa kumunda waukulu. Mawu amodzi asandutsa dimba kukhala munda, ndowa yothirira kukhala mtambo.

Tembenuzaninso. Zolemba zaulimi zochokera ku South Africa ndi ku Zimbabwe zimatcha chimanga, soya ndi mtedza mbewu za "summer", chifukwa kumeneko zimadzalidwa ndi mvula monga kwathu kuno. Womasulira wodalira kope adzalemba kuti ndi "mbewu za m'chilimwe". Ndidaonapo ndi maso anga kapepala kena kolangiza alimi komwe kadali ndi mawu oti "mvula ya m'chilimwe ikayamba". Bambo wina yemwe adali nako adangoti, "Awa alemba ali kuti?" n'kukapinda kuti akulungiremo fodya. Kapepalako mwina kadali ndi malangizo abwino m'munsimo, koma mzere woyamba udali utauza kale wowerenga kuti wolembayo sadapondepo m'munda.

Pa zaumoyo ndi chimodzimodzi. Malungo amachuluka m'dzinja ndi m'masika, madzi atadikha m'zithaphwi. Chimfine ndi chifuwa zimavuta ana ndi okalamba mu Juni ndi Julayi. Uthenga wochokera kunja wochenjeza za matenda a "winter" ukamasuliridwa kuti "matenda a m'dzinja", mayi womvera wailesi aganiza za neti ndi madzi akumwa, pomwe wolemba amanena za bulangete. Masiku ano zafika poipa chifukwa ambiri tikumasulira ndi foni, ndipo makinawo adaphunzira kwa ife tomwe. Adameza kulakwitsa kwathu n'kuwonjezapo kwawo. Si kamodzi ndawerenga "nyengo ya kasupe" m'malo mwa "spring", ngati kuti pali mwezi wina womwe anthu a ku Ulaya amakatunga madzi pachitsime.

Abale athu okhala kunja amalidziwa vutoli pakamwa pawo. Wa ku Manchester akaimba foni mu Julayi n'kunena kuti "kuno ndi chilimwe koma mvula ikugwa tsiku lililonse", agogo kumudzi amadabwa kuti mwanayu wasokonekera. Wa ku Johannesburg akuona mvula ya mabingu m'miyezi yotentha, ndipo akati ndi dzinja sadanamepo, ngakhale eni dera akuti "summer". Kope lija limangolondola pamalo ngati Cape Town, komwe mvula imagwa m'miyezi yozizira ya Juni mpaka Ogasiti ndipo miyezi yotentha imakhala youma. Kumeneko dzinja limazizira ndithu. Koma sitingaphunzitse mwana wa ku Ntcheu nyengo za ku Cape Town n'kumuuza kuti ndi zakwawo.

Pali mfundo yotsutsa yomwe ndimailemekeza. Chiyankhulo si mwala. Mawu amakula, amasenza katundu watsopano, ndipo ngati anthu ambiri ayamba kunena dzinja potanthauza nyengo yozizira, wolemba m'nyuzipepala ndani kuti awaletse? Tidalandira sukulu, foni ndi galimoto popanda kufunsa chilolezo kwa akatswiri. Zoona. Koma polandira "sukulu" sitidataye kanthu, tidangowonjezera mpando pabwalo. Apa tikuchotsa mwini nyumba pampando wake kuti mlendo akhalepo, mlendo yemwe sagona n'komwe kuno. Komanso si anthu ambiri omwe asintha. Pitani pamsika wa Lizulu kapena wa Jenda mufunse amayi ogulitsa tomato kuti dzinja liyamba liti. Palibe adzakuuzeni Juni. Tanthauzo lachilendoli limakhala m'makope, m'zomasulira ndi m'mafoni. Silidamere, tikungolithirira ndi mayeso.

Ndivomerenso kuti kulakwa kwa chilimwe n'kochepa poyerekeza ndi kwa dzinja. Okutobala wathu ndi wotentha, ndipo munthu akamutcha "summer" sindingamukokere kubwalo. Ku Nsanje ndi ku Chikwawa kutentha kumapitirira madigiri 40, ndipo chakumapeto kwa Okutobala ndi kumayambiriro kwa Novembala dzuwa limadutsa paliwombo penipeni, munthu n'kuponda chithunzithunzi chake. Koma ngakhale pamenepa kufananaku n'kwa pakhungu. Kwa mzungu "summer" ndi masamba obiriwira, maluwa ndi tchuthi, nthawi yomwe amaidikira chaka chonse. Chilimwe chathu ndi udzu wofiirira, mitsinje yophwa, amayi kulawirira kumjigo nkhuku zisanatsike, ng'ombe zikuwerengeka nthiti. Iwo amasunga zakudya za m'nyengo yotentha kuti adzadye kukazizira. Ife timafutsa nkhwani ndi khwanya mvula isanathe kuti tidzapeze ndiwo m'chilimwe. Mukatsata mphika wa mfutso, chilimwe chikufanana kwambiri ndi "winter" wawo. Mukatsata nkhokwe, njala ili m'dzinja. Mbali iliyonse yomwe mungakokere, bulangetilo likusiya miyendo pamtunda.

Chomwe chimandiwawa kwambiri si kulakwitsako, koma zomwe timasiya kuphunzitsa pofuna kudzaza mabokosi anayi. Chilimwe chili ndi mawu akeake ochuluka, ndipo aliwonse ndi phunziro. Tengani lupsa, tchire lomwe lapsa, lakuda bii, phulusa likuuluka. Kuchokera pamenepo tili ndi chizimalupsa, mvula yoyamba ija yomwe imagwa mwadzidzidzi cha mu Okutobala, n'kuzimitsa moto wa m'tchire, n'kutulutsa fungo la dothi lomwe aliyense wokulira kuno amalidziwa. M'dzina lokhalo muli chenjezo. Ntchito ya mvulayi ndi kuzima lupsa, si kumeretsa mbewu. Wodzala nayo amadziwa kuti akuchita juga, chifukwa pambuyo pake dzuwa limatha kubwereranso masabata angapo n'kuwotcha zomwe zamera. Mwana wodziwa mawu amodzi amenewa wadziwa kale kanthu kena ka ulimi komwe mabokosi anayi aja sangamuuze.

Kapena tengani mphepo. Ndi angati mwa ana athu akudziwa kuti akamati kumpoto ndi kumwera akutchula mayina a mphepo? Mwera ndi uja amaomba m'miyezi yozizira kuchokera chakumunsi kwa nyanja, n'kuutsa mafunde omwe amasunga asodzi a ku Nkhotakota ndi ku Salima pamtunda masiku angapo. Mpoto amadza ndi mvula. Palinso vuma wa kuvuma, komwe dzuwa limatulukira, ndi zambwe wa kuzambwe. Makolo adatcha mbali za dziko ndi mphepo zomwe zimachokerako, ndipo msodzi yemwe sadziwa kuziwerenga sakalamba. Chiperoni nacho, kamvula kowaza ndi nkhungu komwe kamakuta Blantyre, Thyolo ndi Mulanje m'miyezi yachisanu, dzina lake lidachokera ku phiri la Chiperone ku Mozambique, mbali yomwe mitamboyo imadzera. Tiyi wa m'maderawa amapuma nacho m'miyezi yopanda mvula. Chiperoni chimagwa, chimanyowetsa zovala pachingwe, koma palibe amachitcha dzinja. Umenewu ndi umboni wina woti mawuwa amasiyanitsa zinthu mosamala kuposa mmene timawaganizira.

Ndipo chilimwe chikafika pachimake chiyankhulo chimachita kusefukira. Dzuwa likuswa mtengo. Nyenje zili m'mitengo kulira kosapumira mpaka m'makutu kuchita ngati mwalowa waya. Kamvuluvulu akudutsa pabwalo atanyamula mapesi ndi mapepala, ana akumuthamangira, akuluakulu akutseka maso. Kumapiri, mitengo ya mombo yomwe idayoyola masamba imatulutsa mphukira zofiira mvula isanagwe ngakhale dontho, ngati yamva mphekesera. Pomwe msangu, mtengo wamakani uja, umachita zosemphana ndi anzake. Umabiriwira m'chilimwe n'kuyoyola masamba m'dzinja, n'chifukwa chake chimanga chimakondwa pansi pake. M'tauni majakaranda amachita maluwa, mango ayamba kuoneka m'misika, masuku ali m'njira. Wofuna "spring" ya kuno aipeze pamenepa, m'kati mwa kutentha koopsa, osati pambuyo pa chipale chofewa chomwe sitidachionepo.

Chilimwe ndi nyengonso ya mudzi. Khasu likapumako, manja amapita kwina: kuumba njerwa ndi kuotcha uvuni, kumweta udzu, kufolera nyumba, kumanga ziliza. Maukwati amachuluka chifukwa chakudya chilipo, misewu ikupitika, ndipo palibe akuopa kuti mvula ibalalitsa anthu. Ng'oma za chinamwali zimamveka usiku kuchokera kutsidya. Sizidangochitika mwangozi kuti Kulamba, komwe Achewa a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amasonkhana ku Mkaika m'boma la Katete kukaonekera kwa Kalonga Gawa Undi, kumachitika kumapeto kwa Ogasiti, kapena kuti Mulhako wa Alhomwe amakumana kwa Chonde mu Okutobala. Anyamata nawo ali m'tchire ndi makasu kukumba mbewa. Apa pokha ndiima ndi odandaula, chifukwa kutentha phiri lonse pofuna mbewa zodzaza kandodo kamodzi ndi umbuli, ngakhale kudatipatsa mawu okoma a lupsa. Kenaka, dzuwa lili pamutu pomwepo, anthu amabwerera kumunda kukasosa ndi kuunga mizere. Ine ndikamva mawu oti chilimwe ndimamvamo kulima, ndipo ndikaona munthu akugalauza nthaka youma gwa mu Okutobala sindidabwa nazo.

Pali chifukwa china chosungira mawuwa mmene alili, ndipo ndi cha mawa osati cha dzulo. Nyengo za pa kalendala zili ndi tsiku loyambira ndi lothera, mvula igwe kapena isagwe. Dzinja lilibe deti. Limayamba tsiku lomwe mvula yodzalira yagwa, ndipo likachedwa timanena kuti lachedwa. M'zaka zino, pomwe mvula ikubwera mozembazemba, mawu otere ndiwo akunena zoona. Akuluakulu ambiri amakumbukira akudzala Novembala asanafike pakati, pomwe masiku ano madera ena amadikira mpaka Khirisimasi ili pakhomo. Ndipo tili ndi mawu a zomwe zimachitika dzinja likasokonekera. Ng'amba ndi dzuwa lodula mvula pakati, mbewu zili m'munda. Chilala ndi chaka chonse cholephera. Mvumbi ndi mvula yosakata masiku angapo, yogwetsa zipupa za nyumba mwakachetechete. Kumayambiriro kwa 2024 ng'amba idapsereza chimanga chikufuna kumasula, ndipo mu Malichi chaka chimenecho boma lidalengeza kuti maboma 23 mwa 28 ali pa ngozi. Mpaka lero anthu akamakamba za nthawiyo safuna mawu obwereka. Chaka cha 2023, m'mwezi womwewo wa Malichi, namondwe Freddy adagumula mapiri a Soche ndi Mulanje. Zonsezi ndi nkhani za m'dzinja, ndipo mwana yemwe waphunzira kuti dzinja ndi majuzi ndi mitengo yopanda masamba tamulanda chida chomvetsera dziko lomwe akukhalamo.

Tsono tichite chiyani ndi nyengo za eni ake, poti nazo tiyenera kuzitchula? Yankho ndi losavuta kuposa mmene omasulira amaopera. Tizinena zomwe zili. "Winter" ya ku Ulaya ndi nyengo yachisanu kapena yozizira, "summer" ndi nyengo yotentha, "spring" ndi nthawi ya mphukira, "autumn" ndi nthawi yomwe masamba amayoyoka. Inde mawu achuluka, koma ndani adalamula kuti liwu limodzi la Chingerezi libwezedwe ndi limodzi la Chichewa? Iwo akafuna kunena dzinja amagwiritsa ntchito mawu awiri ndipo sachita nazo manyazi. Pomwe nkhani ikukamba za kuno kapena za mayiko oyandikana nafe, womasulira adzifunse funso la mlimi lija: m'miyezi ikunenedwayi mvula ilipo kapena kulibe? Akayankha, mawu oyenera abwera okha.

M'kalasi, dongosolo lisinthe. Mwana ayambe ndi chaka chomwe akuchiona pakhomo, achidziwe ndi mayina ake, mphepo zake ndi ntchito zake. Akafika pophunzira za mayiko ena, aphunzire nyengo zinayi zija ngati za kumeneko, monga amaphunzirira za chipululu cha Sahara popanda kumuuza kuti chili ku Dowa. Wa ku Rumphi ali kale ndi chifuku ndi chihanya m'Chitumbuka chake, ndipo mawu amenewonso agawa chaka ndi mvula ndi dzuwa. Tikamaphunzitsa zoona, ziyankhulo zathu zimagwirizana zokha. Ngakhale makalasi a patchuthi cha Ogasiti, omwe makolo a m'tauni amati ana apita ku "summer", amachitika ana akunjenjemera mmawa ndi mphepo. Dzinalo tidalitenga ndi chikuta chomwe osatsegula.

A zanyengo ndi a wailesi ali ndi mwayi waukulu kuposa tonse, chifukwa amalankhula ndi dziko lonse tsiku lililonse. Amatchula kale mwera ndi chiperoni pochenjeza asodzi ndi oyenda pamsewu, ndipo anthu amamva msanga chifukwa ndi mawu awo. Apitirize mpaka kumapeto. Anene poyera kuti iyi ndi chizimalupsa, musadzale. Anene kuti kukubwera ng'amba, kapena mvumbi. A Centre for Language Studies ku Zomba, omwe akhala akusamala za ziyankhulo zathu kuyambira 1996, angathandize potolera mawu a nyengo kuchokera ku Nsanje mpaka ku Kasungu, ku Chipata ndi ku Angónia, eni ake akadali moyo. Alipo okalamba omwe miyezi yotentha ya kumapeto kwa chilimwe amaitcha mwamvu, ndipo ndikukayika ngati mdzukulu mmodzi mwa khumi adawamvapo mawu amenewo.

Madzulo aja sindidafune kuika mwana pakati pa agogo ake ndi aphunzitsi ake. Mabokosi anayi adawasiya mmene adalili, poti mayeso salemba agogo. Koma tidatsegula tsamba la kumapeto kwa kope, tidajambula mzere pakati monga muja, ndipo ulendo uno tidayamba kudzaza mbali ya kumanja. Amayi ankatchula, iye ankalemba: dzinja, masika, chisanu, chilimwe, mwera, chiperoni, lupsa, ng'amba, mvumbi. Pa mawu aliwonse ankaima kufotokoza chomwe chimadyedwa nthawiyo ndi ntchito yomwe imagwiridwa, mpaka mtedza udaiwalika m'lichero. Atafika pa chizimalupsa mwanayo adalemba pang'onopang'ono, kuwerenga zilembo, kenaka adadzutsa mutu.

"Nanga ichi pa Chingerezi n'chiyani, amalume?"

Ndidamuuza kuti bokosi la kumanzere alisiye lopanda kanthu.